Phazi Limene Ndinajambula pa Katoni

Aphungu,

Tsamba lanuli ndaliwerenga zaka zambiri, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina wolemba ndidzakhala ine. Ndimagwira ntchito m'nyumba yobwereketsa mabuku, ndipo tsiku lonse ndimathandiza anthu kupeza mayankho m'mashelefu. Yankho la vuto langali ndalifufuza, sindinalipeze.

Bambo anga ndi osoka nsapato. Ali ndi zaka 67, ndipo zaka makumi anayi azithera pa benchi imodzi, pakhonde la sitolo ina, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mawotchi. Miyezi itatu yapitayo anadwala chibayo. Ankati ndi chimfine chabe, mpaka tsiku lina anagwa pa benchi pomwepo, nsapato ya munthu ili m'manja. Kuchipatala anawalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, n'kuwaika pa makina owathandiza kupuma, paipi ili kukhosi. Anakhalamo masiku 23, ambiri mwa masikuwo atagonekedwa ndi mankhwala.

Amayi sankachoka pa mpando wa panja pa chipindacho. Tikawauza kuti akapumeko kunyumba ankati, "Akadzuka n'kupeza ine kulibe, ayamba kuvutitsa anesi ndi mafunso opanda mutu." Tsiku lachisanu ndi chinayi amayi anagwa pa mpopi wosambira m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Anamwalira patatha masiku awiri, m'chipatala chomwecho, iwo ali m'chipinda cha pansi, bambo ali m'chipinda cha pamwamba osadziwa kanthu. Mmene bambo ankatsegula maso n'kuti amayi titawaika kale m'manda.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauzeko munthu. Tsiku la maliro, titachoka kumanda, ndinapita kuchipatala pa nthawi yoonera odwala masana. Anandiveka chovala chobiriwira chija amaveka aliyense wolowa. Ndinakhala pambali pa bedi, makina akulira, ndinagwira dzanja la bambo lotupa n'kuwanong'oneza kukhutu kuti, "Ababa, amayi atisiya. Tawaika lero." Ndinkangofuna kuuza munthu amene zikanamupweteka ngati mmene zinkandipwetekera ine. Ndinkaganiza kuti sakumva.

Bambo atatsitsimuka, azakhali, amene ndi mlongo wawo wamkulu wa bambo, anatiitana ine ndi achimwene panja n'kunena kuti, "Munthu amene wangobwerako kumene kumalo amenewo simumuuza za imfa. Abwerera komweko." Tinagwirizana. Nkhani imene tinakonza ndi yoti amayi anadwaladi sitiroko, koma akuchirira kwa mng'ono wawo m'tauni ina, ndipo pakamwa sipakutheka, n'chifukwa chake sangayankhule pa foni. Tinachenjeza aneba, tinachenjeza wometa ndi wa mawotchi uja. Ngakhale makalata a chipepeso ndinawanyamula kukawabisa kuntchito.

Bambo anabwera kunyumba ataonda ngati si iwo. Kapu ya tiyi inkawalemera, mawu anali osasa, ndipo akayamba nkhani ankaiwalira pakati. Choopsa kwambiri chinali zimene ankati akukumbukira. Ankati anesi anawamanga manja m'chipinda chodzaza madzi. Ankati kudenga kunkayenda nyerere zazikulu ngati mbewa. Ankati munthu wina ankawasoka pakamwa ndi ulusi wawo womwe wa nsapato. Ife tinkangoyankha kuti, "Anali maloto amenewo, ababa."

Tsiku lina m'mawa ndikuwapukuta kumaso anati, "Profesa," ndi mmene amanditchulira chifukwa cha mabuku, "ndinalotanso iwe. Unabwera utavala zobiriwira n'kundiuza kuti Abwana amwalira." Abwana ndi dzina limene ankawatchula amayi kuyambira ndili mwana. Aphungu, ndinafinya kansalu kaja m'beseni osawayang'ana, n'kunena kuti, "Amenewonso anali maloto." Anadzigogoda pamphumi. "Ndiye kuti mutu uwu wathadi ntchito. Mawu anali akotu enieni."

Kawiri pa sabata kumabwera mayi wa mafizo, wowaphunzitsanso kuyenda ndi kugwiritsa ntchito manja. Bambo anamupatsa dzina loti Sajeni. Tsiku loyamba anawauza kuti, "Imani, bambo." Iwo anati, "Ndinaima kale dzulo." Sajeni anati, "Dzulo munadyanso. Lero tisakupatseni?" Bambo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuima. Tsiku limenelo anayenda masitepe asanu ndi limodzi, kuchoka pa bedi kufika pa chitseko, ndipo anatuluka thukuta ngati asenza thumba la simenti.

Kuyambira pamenepo akhala akuwerenga masitepe, n'kumalemba ndi choko pakhoma la kukhonde. Anatuma achimwene kuti awerenge kuchoka pa geti pathu kukafika pa siteji ya basi, ndipo anapeza masitepe 410. Bambo anati, "Tsiku limene ndidzafike pa siteji, ndikukwera. Ndikukatenga Abwana. Mkazi wanga sangachirire pakhomo pa eni ake ine ndili moyo." N'chimene chimawadzutsa m'mawa. N'chimene chimawamwetsa mankhwala amene amadana nawo. Ndawaona akuluma mano pa geti, miyendo ikunjenjemera, akukana kuti ndiwagwire. Sajeni akuti sanaonepo wodwala wolimbikira chonchi, koma nayenso sitinamuuze zoona.

Tsono cholakwa changa chachikulu ndi ichi. Sajeni anati zala zimafunika ntchito imene zinazolowera, ndiye tinawabweretsera bokosi lawo la zida. Anatulutsa mpeni, phula, ulusi ndi phazi lawo lachitsulo lija amakhomerapo, n'kunena kuti nsapato zoyamba ndi za Abwana, zofewa, zomanga ndi lamba, chifukwa munthu wa sitiroko amakoka mwendo. Koma bambo ali ndi lamulo lawo. Sadula chikopa asanajambule phazi la mwini wake pa katoni, ataimirira, ndiponso masana, poti phazi limatupa dzuwa likakwera. Ngakhale munthu awauze nambala yake, samvera. Amati, "Phazi silinama, amanama ndi mwini wake." Anandipatsa katoni ndi pensulo. "Pita kwa amayi ako aang'ono, ukandijambulire mapazi a Abwana. Awagwirire aime, usajambule atakhala."

Ndinapita kuntchito ngati masiku onse. Nthawi ya nkhomaliro ndinadzitsekera m'kachipinda kosungiramo mabuku ong'ambika, ndinavula nsapato, ndinaponda pa katoni paja n'kujambula mapazi anga. Anthu ankanena kuti ndinatengera mapazi a amayi, ndipo tinkabwerekana nsapato. Ndinaganiza kuti zitheka.

Bambo analandira katoniyo n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala chawo chachikulu pa mzere wonse, kuchokera kuchidendene mpaka kuzala. Kenako anati, "Chala cha Abwana chija chinkakwera pa chinzake chawongoka, eti? Sitiroko imeneyi ndi dokotala wabwino." Sanaseke. Anaiika katoniyo pansi pa khushoni ya mpando wawo.

Papita masiku asanu. Chikopa sanadule. Za amayi sakufunsanso. Akudya, mankhwala akumwa, koma akuyenda mopitirira pamene Sajeni anawaikira malire. Dzulo anafika masitepe 330, ndipo anabwerako milomo itatuwa, akupuma ngati athamanga. Asiya kunditchula Profesa, akungonditchula dzina langa lenileni, limene kale ankalitchula ndikalakwa basi.

Azakhali akuti tidikire mpaka dokotala adzawaonenso, ndipo tsikulo lili kutsogolo masabata asanu. Akuti ndikawauza lero n'kugona osadzukanso, ndidzakhala nazo pamtima moyo wanga wonse. Ine ndataya kale kholo limodzi, ndipo ndatsimikiza mtima kuti kholo latsalali ndiliona likubwerera pa benchi yake, zivute zitani. Koma zonse zimene bambo amanga m'miyezi iwiriyi azimanga pa bodza langa, ndipo masitepe atsala 80 okha.

Ndiwauze, kapena ndidikire? Ndipo ngati ndiwauze, ndiyambire pati?

Ine wanu,
R.K., wa m'nyumba ya mabuku

Mayi R.K.,

Pepani chifukwa cha imfa ya amayi anu. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikukayika ngati alipo amene wawanena mokweza m'nyumba mwanu chichitikireni malirowo. Mwakhala mukulira kuseri kwa chitseko, kenako n'kupukuta maso kuti mukapereke mankhwala. Nanenso chaka chino ndaika munthu wanga, ndipo ndikudziwa kuti ngakhale kulira poyera n'kolemera kale.

Yankho langa ndi loti auzeni, ndipo auzeni sabata ino.

Werenganinso kalata yanu. Munthu amene anakusokerani nsapato zanu zoyamba zopitira kusukulu, amene wajambula mapazi a mkazi wake zaka makumi anayi, mukuganiza kuti sanalizindikire phazi lija? Analizindikira chala chawo chisanafike n'komwe kumapeto kwa mzere. Bambo anu akudziwa kuti mwawanamiza. Chimene sakudziwa ndi kukula kwa bodzalo, ndipo n'chifukwa chake akuthamangira ku siteji milomo itatuwa. Akufuna akadzionere okha, poti m'nyumba mulibenso woti amukhulupirire. Choopsa chimene azakhali akuchiopa chili kutsogolo, koma ichi chafika kale pa geti panu. Akhoza kugwera pamsewu. Akhozanso kufika pa siteji n'kukumana ndi munthu wachifundo amene simunamuchenjeze, iye n'kuwagwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani ndi zovuta zija."

Azakhali sanaganize mopusa. Masiku oyamba aja, munthu asakudziwa ngakhale kuti ali kuti, kudikira kunali kwanzeru. Koma ndodo yothandiza munthu kuima siyenera kusanduka chingwe chomumangira.

Pali chinanso chimene chandikhudza kuposa katoni. Anthu ambiri otuluka m'chipinda cha odwala mwakayakaya amabwerako ndi masiku osowa m'mutu, ndiponso ndi zinthu zoopsa zimene amazikumbukira ngati zinachitikadi. Matenda, mankhwala ogoneka ndi kusowa tulo tabwino zimasakaniza zoona ndi maloto. Ena amamva ndithu zimene zikunenedwa pambali pa bedi, ngakhale maso ali otseka. Ntchito yaikulu ya munthu wotere, pambali pa kulimbitsa miyendo, ndi kusankhula kuti ichi chinachitika, ichi ndinalota. Bambo anu anatola chinthu chimodzi choona m'mulu wonsewo, n'kubwera nacho kwa inu, ndipo inu munachibwezera ku mulu wa maloto. Sindikukudzudzulani, munali ndi mantha. Koma mwamva zimene ananena, kuti mutu wawo watha ntchito. Mutuwo sunathe ntchito, unamva bwinobwino. Ayenera kuuzidwa zimenezi, chifukwa munthu amene sakhulupirira mutu wake sabwerera pa benchi ngakhale miyendo italimba.

Musayambe ndi bambo. Yambani ndi Sajeni, mawa lomwe. Muuzeni zonse, ndi za masitepe 330 zomwe, ndipo mumupemphe akuthandizeni kufunsa dokotala amene amawaona ngati pali chofunika kusamala pa mtima kapena kuthamanga kwa magazi musanayankhule nawo. Funso limeneli silifunika masabata asanu. Kenako khalani pansi ndi azakhali ndi achimwene. Aonetseni ulemu wonse, afotokozereni za katoni, koma musapite ngati wokapempha chilolezo. Auzeni kuti mwatsimikiza, ndipo mukufuna mmodzi wa iwo akhale pambali panu. Mmodzi yekha. Bambo anu asakaone chipinda chadzaza anthu, chifukwa adzayamba kulira nkhani asanaimve, ndipo adzachita manyazi kuti aliyense ankadziwa kupatula iwo.

Sankhani m'mawa, atadya, atamwa mankhwala, asanapite koyenda. Akhale pa mpando wawo. Nenani mawu enieni, kuti amayi anamwalira. Musanene kuti anatsogola, kapena kuti zinthu sizinayende bwino. Munthu amene mutu wake ukuchira amafunika mawu opanda mphanda. Tchulani tsiku, tchulani malo, nenani kuti munalipo. Muwauzenso kuti amene anabwera atavala zobiriwira munalidi inu. Mukatero khalani chete. Musadzaze chipinda ndi zifukwa. Akafunsa, yankhani chimene afunsa.

Akhoza kukwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Analandidwa mwayi wolira mkazi wawo pa nthawi yake. Musadziteteze ndipo musaloze azakhali chala. "Tinkaopa kukutayani, tinalakwitsa, pepani," n'zokwanira. Akhozanso kunena kuti amayi anafera iwo, poti anagwa akuwadikirira. Musakangane nawo tsiku lomwelo. Pemphani dokotala adzawafotokozere mmene sitiroko imabwerera, ndipo inu muwapatse zimene amayi ankanena pa mpando uja, za mafunso opanda mutu. Mawu amenewo ndi awo, mwawasungira mokwanira. Makalata a chipepeso aja abwerenso kunyumba. Ndipo musadabwe ngati mawa lake afunsanso kuti Abwana ali kuti. Si kuti akukuyesani, kukumbukira kumabwerera mwapang'onopang'ono. Yankhani chimodzimodzi, mofatsa, nthawi iliyonse.

Ndinu munthu wa mabuku, ndiye apa ndi pamene ntchito yanu ingawathandize. Gulani kope. Lembani masiku 23 aja, tsiku lililonse tsamba lake: zimene madokotala ananena, amene anabwera kudzawaona, tsiku limene amayi anagwa, tsiku la maliro, tsiku limene paipi inachotsedwa. Zimene mwaiwala funsani achimwene ndi anesi. Muziwerenga nawo pang'ono, pamene iwo afuna. Zimene akukumbukirazo musamangozitaya kuti ndi maloto. Paipi ya kukhosi ikhoza kukhala ulusi uja ankati ukuwasoka pakamwa. Za kumangidwa manja funsani kuchipatala, chifukwa nthawi zina odwala amawagwiradi manja kuti asazule mapaipi. Chinthu choopsa chikapezeka chiyambi chake chimachepa mphamvu.

Za masitepe, konzekani kuti nambala ya pakhoma itsika. Mwina kwa masiku angapo sadzafuna n'komwe kuona geti. Musachite mantha msanga, ndipo musawakoke. Koma musalolenso kuti bedi liwameze, chifukwa thupi limene linagona masiku 23 limafooka mofulumira likasiya kuyenda. Ngakhale kuchoka pa bedi kufika pa chitseko, monga tsiku loyamba lija, n'kuyenda ndithu. Malire aziika Sajeni, osati bambo, osatinso inu. Kuchira kotere kumatenga miyezi, ena chaka n'kupitirira, ndipo kumakhala ndi masiku obwerera m'mbuyo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Munthu amene analuma mano pa geti kuti akatenge mkazi wake akhoza kuwalumanso kuti akaime pamanda ake ndi miyendo yakeyake. Ulendo umenewo aufune okha, ndipo akaufuna, apititseni pa galimoto, mutanyamula mpando.

Inunso ndikukuonani. Amayi anu anagwa akudikirira wodwala, osapuma, osadziyezetsa. Munatengera mapazi awo, musatengerenso zimenezo. Kayezetseni kuthamanga kwa magazi. Gawanani masiku ndi achimwene, ndipo wometa ndi wa mawotchi aja azibwera kudzacheza nawo, anthu amene anakhala nawo khonde limodzi zaka zonsezi amadziwa mowaseketsera. Bodza likachoka m'nyumba mudzapeza kuti muli ndi munthu wolira naye, yemwe uja munkamufuna tsiku la maliro.

Ndikuchenjezeni mosabisa. Sindingakulonjezeni kuti nkhaniyi siwagwetsa. M'masabata oyamba asamakhale okha nthawi yaitali, ndipo mankhwala awo muzisunga inu. Akakana chakudya, madzi kapena mankhwala tsiku lathunthu, akayamba kubanika ali chikhalire, akamva kupweteka pachifuwa, akatentha thupi, akasokonezeka mutu mwatsopano, kapena akayamba kunena zofuna kutsatira mkazi wawo, musadikire tsiku la dokotala ndipo musandilembere ine. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwafunsa poyambira. Poyambira anakuikirani kale bambo anu, pansi pa khushoni. Akanafuna kuitaya katoni ija akanaitaya. Apempheni aitulutse, muiike pamiyendo pawo, ndipo munene kuti, "Ababa, phazi ili ndi langa." Zotsalazo akhala akuzidikira masiku asanu.

Aphungu